Chibangili cha ubwenzi chikakhota, kupotana kapena kutamuka: poyambira kufufuza vuto

Chibangili choluka ndi kangowe ndi kanthu kakang'ono, koma chimaulula dzanja la wolukayo kuposa juzi kapena chipewa. Pa juzi, sitichi imodzi yothina imabisala pakati pa zinzake mazanamazana. Pa chibangili cha mizere itatu kapena inayi palibe pobisala: pamene munakoka ulusi mopitirira pamaonekera, pamene munalekerera pamaonekeranso. N'chifukwa chake atsikana ambiri amene amayamba kulukira anzawo zibangili, kaya ku Chinamwali, ku Matawale kapena m'mahositelo a ku Chanco, amadandaula zofanana. Kanema wa pa YouTube amamutsata bwinobwino, masitichi amawerenga, koma akachiyala patebulo chinthucho chimakhota, mwina kupotana. Chimene chatuluka chowongoka nacho chimangotha sabata imodzi pamkono n'kuyamba kutsetserekera m'zala.

Chikavuta chonchi musafulumire kumasula. Mukamasula musanadziwe chalakwika, dzanja lomwelo lilukanso vuto lomwelo, ulusi n'kumangonyenyeka. Chiyaleni patebulo, musachikoke kapena kuchipsinja ndi chikhatho, muone chimene chikuchita pachokha. Kapindikidwe kake ndi kamene kakuuzeni pokonza.

Chikakhota ngati nthochi

Izi zimachitika kwambiri pa chibangili cholukidwa cham'litali, chija mumayamba ndi tcheni (mndandanda wa maso a ulusi olowetsana) chachitali chokwana mkono wonse kenako n'kubwerera ndi mizere iwiri kapena itatu. Yang'anani mbali imene ili mkati mwa kukhotako. Kawirikawiri mupeza kuti ndi ya tcheni. Ndiye kuti tcheni chinathina kuposa mizere imene yakhala pamwamba pake. Mizereyo ikufuna malo a masentimita 17, tcheni chikungopereka 15, choncho chibangili chilibe kochitira koma kupinda.

Tcheni chimathina pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mantha a poyambira ntchito, munthu kugwira ulusi zolimba poopa kuti diso lithawa pa kangowe. Chachiwiri ambiri sachidziwa. Tengani kangowe kanu mukayang'anitsitse. Kumutu kuli kokowera ulusi, kenako pali khosi lowonda, ndiye pamabwera thunthu lofanana kukula kwake mpaka paja pophwatalala pogwira ndi chala chachikulu. Nambala yolembedwa pa kangowe, kaya 3 mm kaya 3.5 mm, ikunena za thunthulo, osati khosi. Diso lililonse liyenera kukwera mpaka pa thunthu kuti litenge msinkhu wake. Woluka amene amangosewera kumutu, diso osalifikitsa pa thunthu, amatulutsa maso aang'ono kuposa kangowe kamene wagwira, ndipo pobwerera amachita kuboola ndi mphamvu kuti alowe m'tcheni chake chomwe. Mukaona kuti mzere woyamba mukulimbana nawo chonchi, lekezani pomwepo. Tcheni chimenecho chikhotetsa chibangili ngakhale mizere inayo mutailuka bwino chotani.

Chophweka n'kuluka tcheni ndi kangowe kokulirapo. Ngati mizere mulukira ka 3 mm, tcheni lukirani ka 3.5 mm kapena 4 mm, mukatha n'kusintha. Amene muli ndi kangowe kamodzi kokha, diso lililonse muzilikweza pang'ono musanakowe ulusi wina, ndipo tcheni mukachimaliza muyese kulowetsa kangowe m'maso angapo. Kakamalowa mosakakamiza, pitirizani.

Pali chinanso chimene chimakongoletsa m'mphepete. Tcheni chili ndi kumaso ndi kumbuyo. Kumaso kumaoneka tizingwe tiwiritiwiri tokhala ngati chilembo V, pomwe kumbuyo diso lililonse lili ndi kamtumbira kamodzi. Mzere woyamba mukaulowetsa m'timitumbirato, ma V aja amatsala m'mphepete mwa pansi, ofanana ndendende ndi a mzere womaliza. Poyamba zimachedwetsa, koma chibangili chake chimaoneka chofanana mbali zonse.

Ine njira imene ndimaikonda kuposa zonsezi ndi yoika tcheni pakati. Mumaluka mzere mbali imodzi ya tcheni, pofika pa diso lomaliza n'kuikamo masitichi atatu kuti mukhote bwino, kenako n'kubwerera mbali inayo ya tcheni chomwecho. Mbali ziwirizo zimakoka mofanana, ndiye ngakhale tcheni chitathinirapo pang'ono, kulibe kokhotera.

Nthawi zina mkati mwa kukhota mumakhala mzere womaliza, osati tcheni. Izi zimabwera kwambiri munthu akatsekera m'mphepete ndi slip stitch, ija yongolowetsa kangowe, kukowa ulusi n'kuutulutsa m'maso onse awiri nthawi imodzi. Sitichi imeneyi ndi yaifupi ndipo imathina msanga. Masulani mzere umodzi wokhawo, muubwereze mofewetsa dzanja. Koma m'mphepete mukamachita mafunde, apa potukuka apa pogona, ndiye kuti mwina tcheni chinali cholekerera, mwina masitichi achuluka chifukwa maso ena mwalowamo kawiri. Werengani ma V a mzere wa pamwamba muone ngati akugwirizana ndi amene munayamba nawo.

Chikamapotana chokha

Kupotana n'kwina. Apa chibangili chimazungulira, kumaso kupita pansi, kumbuyo kubwera pamwamba, ndipo mukachiwongola n'kuchisiya chimabwereranso.

Yambani mwatsata tcheni ndi chala kuchokera kumayambiriro. Mukapeza pamene timitumbira tasinthira mbali, ndiye kuti tcheni chinatembenuka mukuluka mzere woyamba. Pamenepa palibe mankhwala, masulani mpaka pamalopo. Kuti zisachitikenso, pa masitichi asanu alionse muziima n'kuona ngati ma V a tcheni chotsalacho akuyang'anabe kwa inu.

Tcheni chikakhala kuti chili bwino, yang'anani ulusi pakati pa chala cha mkombaphala ndi mpira wake. Ulekerereni pang'ono. Ukamadzipota wokha n'kupanga timichira, ndiye kuti wapotoka mopitirira, ndipo kupotokako kukulowa m'chibangili. Izi zimachitika kwambiri ndi ulusi wa pa sipulu munthu akamaukoka cha kumutu, sipulu ili chiimire, chifukwa kuzungulira kulikonse kumawonjezera kupota kumodzi. Lowetsani pensulo m'sipulu kuti izigubuduka pamene mukukoka. Zimene zapotoka kale n'zosavuta: kokani diso la pa kangowe likule kuti lisathawe, gwirani ulusi chapatali, chibangili chilendewere m'malere. Chizungulira chokha mpaka kuima.

Zonse ziwiri zikakhala bwino koma chikupotanabe, musadzide. Kansalu kowonda ka masitichi aafupi othina kamakhala ndi khalidwe limeneli pachokha, makamaka ka mzere umodzi kapena iwiri. Chimachepetsa ndi kukweza kangowe ndi theka la milimita, kuwonjezera mzere, kapena kusinthira ku sitichi yotalikirapo pang'ono, ija a ku Britain amati half treble. Chotsalacho mumachithetsa ndi madzi kapena nthunzi.

Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa ulusi uliwonse uli ndi zake. Cha ulusi wa thonje chiviikeni m'madzi ozizira, muchipsinje m'kati mwa thaulo osachipotokola, muchiyale pa pilo kapena pa katoni, muchibaye mapini chili chowongoka pa muyeso umene mukufuna, chiumire pamthunzi. Cha acrylic madzi okha sachisintha kwenikweni, chimafuna nthunzi. Chibayeni mapini chimodzimodzi, muyale kansalu konyowa pamwamba, simbi muiyandikize mpaka kansaluko kayambe kufuka nthunzi, koma isatsamire. Acrylic ndi pulasitiki. Simbi ikakhudza, ulusi umaphwatalala, kunyezimira n'kufa, osabwereranso. Simbi ya makala ndiyo yoopsa kwambiri pa ntchitoyi chifukwa simungadziwe yatentha bwanji. Magetsi akathima, bola nthunzi ya pakamwa pa ketulo: gwirani chibangili kumichira, zala zili kutali ndi nthunziyo, muchidutsitse kangapo mofulumira, kenako muchiyale chowongoka mpaka chizizire.

Chikatamuka pamkono

Vuto ili ndi limene limandiwawa kwambiri, chifukwa silioneka tsiku lopereka mphatso. Mnzanu amachilandira chikukwana bwino, n'kudzachitaya m'minibasi ya ku Limbe kapena pochapa, osadziwa n'komwe kuti chagwa liti.

Choyamba dziwani ulusi umene muli nawo. Wambiri umene timagula mumsika wa Zomba n'kumautchula kuti wulu ndi wa acrylic, kuphatikizapo uja wolukira tsitsi. Ndi wotsika mtengo, mitundu yake ndi yowala, koma umatamuka, ndipo ukamakhuzana ndi malaya umachita timibulu taubweya. Wa thonje sutamuka kwambiri, masitichi ake amaoneka bwino, ndipo pa chibangili ndi umene ndingakulangizeni mukaupeza. Umapezeka ngati ulusi wolukira madoilo, komanso ngati ulusi wopetera nsalu, uja wa tizingwe 6 tosiyanitsika. Ngati pepala lake linatayika, dulani kachidutswa, mukagwire ndi sizasi pamwamba pa mbale ya madzi, mukayatse ndi machesi panja. Wa thonje umayaka msanga, kununkha ngati pepala, n'kusiya phulusa lofewa. Wa acrylic umasungunuka, kufuka utsi wakuda wonunkha pulasitiki, n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Wa ubweya weniweni wa nkhosa umanunkha tsitsi lopserera ndipo moto wake umazima wokha. Ana asayese zimenezi paokha.

Kangowe kagwirizane ndi ulusiwo, koma pa chibangili katsikireko pang'ono poyerekeza ndi zolembedwa pa pepala. Ulusi wa double knit, uja wonenepa mwapakatikati wolukira majuzi, nthawi zambiri amaulembera 4 mm, ndipo muyeso umenewo ndi wa juzi, imene imafunika kufewa. Pa chibangili yesani 3.5 mm. Ulusi wowonda wa madoilo wa nambala 10 umayenda ndi kangowe kachitsulo ka 1.5 mm mpaka 1.75 mm. Mwaona kuti apa malangizo akukokana: kupotana kumafuna dzanja lofewa, kutamuka kumafuna lolimba. Pakati pake mumapapeza poluka kachidutswa ka masentimita 5 musanayambe chenichenicho. Kakokeni. Kakatamuka n'kubwerera, kali bwino. Kakatamuka n'kukhala pomwepo mabowo akuonekera, tsitsani kangowe. Kakauma gwa n'kumapotana, kwezani.

Kalukidwe nakonso kali ndi mbali yake. Chibangili choluka chopingasa, mizere yaifupiifupi ya masitichi anayi kapena asanu yosanjikizana mpaka kuzungulira mkono, chimatamuka kuposa choluka cham'litali. Masitichi aatali amatamuka kuposa aafupi. Kulowa kachingwe kakumbuyo kokha ka V, komwe kumatulutsa timizere tokongola tija ta m'khosi mwa juzi, ndiko kotamutsa kuposa zonse, ndipo pa chibangili sikoyenera pokhapokha mutaika chogwira. Ngati mukufuna chopingasa chifukwa cha kasinthidwe ka mitundu, mukamaliza dutsitsani mzere wa slip stitch m'mphepete monse muwiri. Mizere iwiri imeneyi ndi imene imaletsa kutamuka.

Cholimba kwambiri n'kulukira pamwamba pa chingwe. Tengani ulusi wa nayiloni wowonda, uja asodzi a ku Kachulu amasokera maukonde kapena wosokera nsapato, muugoneke pamwamba pa tcheni, masitichi a mzere woyamba muziluka moukuta. Subwera poyera, koma chibangili sichingatalike kuposa chingwecho. Kumapeto konse kuwiri musiye michira yake kuti ilowe limodzi m'zomangira.

Pa muyeso, musadalire nambala ya masitichi imene wa m'kanema wanena, chifukwa ulusi wake si wanu, dzanja lakenso si lanu. Yezani ndi tepi ya atelala. Mkono wa munthu wamkulu nthawi zambiri umakhala pakati pa masentimita 15 ndi 18, wa mwana wa ku pulayimale umacheperapo. Ngati chibangili chidzakhala chomanga ndi michira, gawo lolukalo lichepe ndi masentimita 2 pa muyeso wa mkono. Ngati ndi cha acrylic, muziyeza mutachikoka pang'ono, osati chitangogona.

Chimene chatamuka kale musachitaye. Lowetsani ulusi wa thonje m'singano yaikulu yosasongoka, muusokerere pakati pa masitichi cha kumbuyo kuchokera kumapeto kufika kumapeto, mukoke mpaka chibwerere pa muyeso, n'kumangirira mbali zonse.

Kanthu kena kamene kamasokoneza muyeso ndi nyengo. Kuzizira kwa kuno mu June ndi July, makamaka chiperoni chikatsika m'phiri, kumaumitsa zala, ndipo zala zouma zimaluka mothina. Mu October thukuta limakakamiza ulusi wa thonje pa kangowe. Chibangili chimene mwayamba m'mawa kukuzizira n'kudzamaliza masana chingatuluke mbali ina yowonda, ina yotakata. Poti ndi kanthu kakang'ono, ndi bwino kukamaliza pa mkhalo umodzi, m'manja mutasamba, kangowe mutakapukuta.

M'mphepete mosalingana

Choluka chopingasa chikamawonda pamene mukupita, mukutaya sitichi, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi yoyamba kapena yomaliza ya mzere. Yomalizayo imapendekera kumbali n'kubisala. Ikani kaulusi ka mtundu wina kapena kapini m'sitichi yoyamba ya mzere uliwonse mukangoiluka, pobwerera mudziwe polekezera. Diso limodzi la tcheni limene mumaluka potembenuka pa masitichi aafupi si sitichi, musaliwerengere ndipo musalowemo. Potembenuza, muzitembenuzira mbali imodzimodzi nthawi zonse. Ulusi wakuda ndi umene umabisa masitichi kwambiri, choncho muziuluka masana, kansalu koyera mutayala pamiyendo.

Pali chisokonezo china chochokera m'makanema. Mayina a masitichi a ku America ndi a ku Britain amasemphana. Sitichi yaifupi imene a ku America amati single crochet, a ku Britain amati double crochet. Imene a ku America amati double crochet, a ku Britain amati treble, ndipo ndi yotalika pafupifupi kawiri. Ndiye wina akanena kuti double crochet, inu n'kuluka ya kwina, chibangili chimatuluka chotakata kapena chowonda kuposa cha m'kanema. Mukamva mawu akuti single crochet, dziwani kuti wolankhulayo akutsata za ku America, chifukwa m'mayina a ku Britain mulibe. Mukakayika, yang'anani manja ake: ngati akukulunga ulusi pa kangowe asanalowe m'sitichi, ndi yaitaliyo.

Ulusi wogawikana ndi wa pa kaunjika

Kangowe kakamalowa pakati pa tizingwe ta ulusi m'malo moukowa wonse, chibangili chimaoneka chanyankhalala. Ulusi wolukira tsitsi umachita zimenezi kwambiri chifukwa ndi wopota molekerera. Yendetsani chala kumutu kwa kangowe. Tapulasitiki tina timakhala ndi kamzere kokanda kochokera ku fakitale, ndipo tosula tokha kuchokera ku sipoko ya njinga kapena nsungwi timafuna kukhula ndi sandipepa wosalala mpaka tisamakole. Potulutsa kangowe m'diso, kokowerako kaziyang'ana pansi.

Kumasula juzi ya pa kaunjika ndi nzeru yabwino, chifukwa juzi imodzi ya mizeremizere imapereka mitundu yokwana zibangili zambiri. Koma ulusi wake umatuluka wokhwinyata, ndipo mukaulukira pomwepo masitichi sangafanane. Ukulungeni kumsana kwa mpando kuti upange mkombero waukulu, mumange malo anayi ndi tizingwe, muuviike m'madzi ofunda, muupsinje, muupachike pamthunzi. Wa acrylic ukakanabe kuwongoka, upititseni pa nthunzi. Posankha juziyo tembenuzani muone msoko. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kusokedwa ndi makina a ovaloko, isiyeni, chifukwa ulusi wake uzituluka tizidutswatizidutswa, mzere uliwonse pawokha.

Mitundu

Pofika pa 6 July ambiri amafuna zakuda, zofiira ndi zobiriwira za mbendera, ndipo ochemerera mpira amafuna zofiira ndi zoyera kapena zabuluu ndi zoyera. Posintha mtundu, cholakwika chofala n'kumaliza sitichi ndi mtundu wakale kenako n'kumanga watsopano ndi mfundo. Pamatsala kadontho ka mtundu wakale polowa watsopano, mfundoyo n'kumakanda khungu. Chitani chonchi: sitichi yomaliza ya mtundu wakale muisiye maso awiri ali pa kangowe, mukowe mtundu watsopano, muutulutse m'maso awiriwo. Michira yonse iwiri muigoneke pamwamba pa mzere, muilukire mkati pa masitichi asanu kapena kuposerapo.

Utoto umachucha kwambiri pa ulusi wa thonje wotsika mtengo, makamaka wofiira, wakuda ndi wabuluu wodera. Musanaluke, nyowetsani kachidutswa mukakulunge m'kansalu koyera, mupsinje. Kansalu kakadetsedwa, tsukuluzani ulusi wonsewo m'madzi ozizira mpaka madzi ayere, uume, ndiye muluke. Ambiri amati mchere kapena viniga zimagwira utoto, koma pa ulusi wogula wonyikidwa kale musaike mtima pamenepo. Kutsukuluza ndiko kumachotsa utoto wosagwirawo.

Ofuna mikanda, ilowetseni yonse mu ulusi musanaluke diso loyamba. Nsonga ya ulusi ikamakana kulowa, ipakeni kyutekisi, muipote, iume. Mkanda umakhala kumbuyo kwa sitichi imene mwaulukira, choncho muziika mikanda pa mizere yobwerera yokhayokha kuti yonse ionekere mbali imodzi.

Kuyabwa ndi fungo

Mwambo wa zibangili za ubwenzi umati mnzako akakumanga usachivule mpaka chiduke chokha. Ndi mwambo wokoma, koma nyengo ya mvula ya kuno sugwirizana nayo. Chibangili chimanyowa posamba, pochapa ndi potsuka mbale, sopo n'kutsalira m'masitichi, ndipo m'chinyezi cha January sichiuma msanga. Khungu la pansi pake limayamba kuyabwa, chinthucho n'kumanunkha. Chivuleni, muchichape ndi sopo pang'ono, mutsukuluze kwambiri, chiume chisanabwerere pamkono. Pakatuluka totupa, chisiyeni mpaka papole, ndipo pakapitirira pitani kuchipatala. Pakati pa chibangili ndi mkono pazilowa chala chimodzi. Makanda musawaveke za mikanda kapena za batani, amaika m'kamwa.

Pomangira

Zibangili zambiri sizidukira pakati, zimamasukira pomanga. Acrylic ndi woterera, mfundo imodzi saigwira. Vuto limayambira pa kuumira ulusi: munthu amasiya mchira wa masentimita 5, pomaliza n'kusowa pogwira. Siyani masentimita 20 poyamba ndi pomaliza. Dulaninso tizidutswa tiwiri ta masentimita 40, mutilowetse kumapeto kwa chibangili, kamodzi mbali iliyonse, n'kutipinda pakati, muphatikize ndi mchira uja, mugawe patatu, muluke ngati tsitsi, mumalize ndi mfundo yokokedwa kachingwe kamodzikamodzi. Mchira woluka chonchi umagwira mfundo kuposa ulusi wosaluka, ndipo sudukaduka.

Cha batani chimavuta pa diso lake. Likakula batani limathawa, likachepa mwini wake amalephera kuvala ndi dzanja limodzi. Lukani maso a tcheni ochepa, muyese batani musanatseke, lilowe mochita kukankha pang'ono, chifukwa disolo lidzatamuka ndithu. Kenako likuteni lonse ndi masitichi aafupi kuti lilimbe. Batani sokani ndi ulusi wa atelala wopinda kawiri, osati wolukirawo, ndipo musalikanikize pa chibangili. Ikani kamtengo ka machesi pansi pake posoka, mukatha mukasolole, muzungulize ulusi pa kakhosi katsalako. Pamenepo ndi pamene diso limakhala. Muyeso wa chibangili cha batani uposeko mkono ndi sentimita imodzi.

Ngati simukudziwa mkono wa wolandira, monga mphatso yodzidzimutsa ya pa 15 October tsiku la anakubala, kapena zogulitsa kwa alendo okwera msewu wa Ku Chawe, pangani chomangira chotsetsereka. Michira iwiri yolukayo muigoneke mopambana, wina kuloza uku wina uko. Tengani kaulusi kena ka masentimita 25, mukamange mozungulira michira yonse iwiri ndi mfundo zosinthana, kamodzi kuyambira kumanja, kenako kumanzere, mpaka patalike sentimita imodzi ndi theka. Mukamayambira mbali imodzimodzi kachomangirako kamapotana. Muthinitse moti michira iziyenda mukaikoka koma osatsetsereka yokha, ndipo kunsonga kwa mchira uliwonse mumange mfundo yaikulu kapena mkanda kuti usasololoke.

Michira yotsala musaidulire pa mfundo. Ilowetseni ndi singano cha kumbuyo kwa masitichi, masentimita 2 kupita uku, n'kubwerera podutsa pena, n'kupitanso kachitatu, ndiye mudule mutakoka pang'ono kuti nsonga ibwerere mkati. Nsonga ya nayiloni kapena ya acrylic mungaiyandikize ku lawi la kandulo kuti isungunuke isamamasuke, koma kambulu kake kakauma kamakanda mkono, choncho kakadali kofewa kaphwatalitseni ndi chitsulo cha sizasi, osati ndi chala. Ya thonje siisungunuka, imangoyaka. Imeneyo idontherezeni kyutekisi wosaoneka mtundu, iume usiku wonse chisanavalidwe.